Usamuuze Tari Kuti Ukukagula Shuga

Kukomboni, Honde
Lamulungu masana

Enita mwana wanga,

Lero kutchalitchi sindinapiteko. Amayi anzanga a mpingo atadzandidutsira ndawauza kuti msana wandigwira, koma msana uli bwinobwino, chandigwira ndi manyazi. Ndakhala pakhonde pano ndi mapepala ong'amba m'kope lakale, iwe uli ku Hauna kukagwira malo m'basi ya mawa, Tari ali kwa aneba akusewera. Ndikulemba chifukwa ine ndi iwe pakamwa sitifika patali. Ine ndimayamba m'Chinyanja, iwe umandiyankha m'Chishona, ukapsa mtima umamalizira m'Chizungu, kenako aliyense amadzuka kukatsuka mbale zotsuka kale. Ndiye kalatayi uiwerenge lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Usaiike m'chikwama kuti ukawerengera m'basi. Ukakawerengera m'basi ndiye kuti ndangowononga mapepala.

Nkhani yake ndi ya Tari, ndipo ndiinene poyambirira pomwe kuti ndisaithawe. Mawa ukunyamuka kukayamba ntchito yoyala mabedi m'sitima ya pamadzi, ija yonyamula azungu oyenda kokasangalala, ndipo wasainira miyezi isanu ndi inayi. Mwana wako wa zaka zisanu tamuuza kuti ukupita ku Mutare kukaima pamzere wa shuga. Bodza limeneli si lako. Ndine ndinalipanga Lachiwiri lija tikusenda nthochi zophika. Ndinati, "Shuga wasowa dziko lonse, mwana aliyense mukomboni muno akudziwa kuti wopita ku shuga amagona konko. Akamafunsa ndizingoti mzere ndi wautali." Ndinenso ndinati sutikesi tiibise pansi pa bedi langa, kuseri kwa dengu la kumunda. Iwe unati, "Amai, ndimi munoziva," kutanthauza kuti odziwa ndinu, mawu ake ozizira. Ndinadziwa chimene ukukumbukira, koma ndinawerama n'kupitiriza kusenda nthochi. Ndinalakwa, Enita. Usamuuze Tari kuti ukukagula shuga.

Koma undilole ndiyambe ndi zopepuka, za katundu, kuti dzanja lizolowere cholembera.

Dzulo iwe uli kochapa, ndinaika sutikesi yako m'dengu, ndinaphimba ndi chiguduli, n'kupita nayo kusikelo ya kumunda. A ejenti ako aja, amene anakupezera ntchitoyi, anati ndege yochokera ku Joni siilola kupitirira makilo makumi awiri, ndipo ine nditangoinyamula ndinadziwa kuti yapitirira. Zaka zonsezi ndikutchola tiyi, dzanja langa silinama pa kulemera kwa chinthu. A kalaliki atavundukula anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Amake Enita, tiyi wa mtundu wanji uyu wokhala ndi zipi?" Ine ndinati, "Kolekani basi, pakamwapo mutseke." Anakoleka, muvi unakaima pa makumi awiri ndi atatu. "Mukanamatchola chonchi tsiku ndi tsiku bwenzi muli kapitawo," anatero. Ndiye m'mawa uno utangotuluka, ndinabweza chitseko n'kutsegula sutikesiyo kuti ndione zochotsa. Ndikudziwa kuti sufuna munthu azipisa m'zinthu zako. Undikalipire, koma uwerenge kaye.

Pamwamba penipeni ndapeza nsapato zagogoda mapeyala awiri. Ndachotsa zonse. Iwe ukukagwira ntchito yoimirira, mwana wanga, ndipo za kuimirira uzifunsa ine. Nditapita koyamba kukaonekera kwa makolo a bambo ako kufupi ndi Mount Selinda, ndinabwereka nsapato zofiira kwa mnzanga, zondithina, chifukwa ndinkaopa kuti Andau aja, mtundu wa bambo ako, akanena kuti mwana wa mukomboni alibe nsapato. Kuchokera pamene basi inatitsitsa panali mtunda, wokwera wokhawokha. Pofika pakhomo matuza anali ataphulika, magazi ali chuchuchu m'zidendene, nsapato zili m'manja. Agogo ako aakazi anandiyang'ana kumapazi asanandiyang'ane kumaso, n'kuuza tete ako, mlongo wa bambo ako uja, kuti, "Mupatseni madzi amchere mlendoyu, wabwera ndi nsapato za eni ake." Mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna pobisala. Tenga zakuda zafulati zija umati ndi za nkhalamba. Ndakakhometsa zidendene zake Lachisanu, ndipo zimenezo zikulidziwa phazi lako. M'sitimamo palibe adzayang'ane kumapazi kwa woyala mabedi.

Bulangete lalikulu lija ndachotsanso, lokhalo ndi makilo awiri. Anthu okhala ndi sitima ya mabedi mazanamazana sangakusowetse chofunda. Komanso unaligula kuti uzikafunda kapena uzikangoliyang'ana? Sunalichotse n'komwe m'pepala lake. Khalidwe limeneli ndi la kwathu. Agogo ako aamuna, bambo anga, anabwera wapansi kuchokera ku Thyolo kudzera ku Mozambiki, n'kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi ya ku Chipinge. Monga anzawo onse a nthawi imeneyo, anali ndi bokosi lachitsulo lokhoma ndi loko, la tsiku lopita kumudzi. Munali bulangete latsopano, mbale, ketulo ndi jekete. Ife tinkadyera m'mbale zobooka, iwo ankafunda masaka, ndipo kuzizira kwa ku Chipinge ukukudziwa. Kumudziko sanapitenso. Titatsegula bokosi atamwalira, bulangete linali litadyedwa ndi njenjete, kulinyamula linkangoyoyoka. Ine ndinanena pamaliro pompo, anthu akumva, kuti madala awa anali opanda nzeru. Mawu amenewo amandiwawa mpaka pano, chifukwa nanenso ndili ndi makapu a galasi amene sindinamwerepo, ndikudikira alendo amene sindikuwadziwa. Chimene sukachigwiritsa ntchito sabata yoyamba, chisiye. Bulangeteli ulifunde lero kuti ligwire fungo lako, kenako umusiyire Tari.

Tsopano kanthu kena kamene sukukadziwa. Lachinayi ndinalowetsa tiyi wa masamba m'sutikesimo, m'pepala la pulasitiki lopanda dzina, nditamukulunga m'thaulo lako. Ndinkati mwana wanga azikamwa tiyi wa kwawo pakati pa nyanja. Sindinamugule. Anachokera kufakitale kudzera m'manja mwa munthu amene sindimutchula, ndipo ine ndinalowa naye m'nyumba nditamumanga m'chitenje changa cha mpingo, ndithu cha mpingo! A kalaliki dzulo ananunkhiza, poti mphuno za anthu a tiyi sizinamizika, n'kundinong'oneza kuti, "Mayi, ngati muli wathu m'menemu, muchotse. Pamalire akaona masamba akuda m'pepala lopanda dzina sadzafunsa kuti ndi a munda uti." Thukuta linangoti kamukamu. Ndikanakumangitsa ndi chikondi changa chopusachi, iwe osadziwa n'komwe kuti wanyamula chiyani. Ndamuchotsa. Pa ulendo wonsewu usalole munthu akuikire kanthu m'chikwama, kaya mnzako wa m'basi, kaya wa mpingo, kaya mayi ako amene.

Zimene ndakuwonjezera ndi zochepa ndipo ndaziika pamwamba kuti uzione: juzi yanga yotuwa, poti akuti panyanja mphepo imawomba ngakhale dzuwa likuswa mtengo, singano ndi ulusi wakuda ndi woyera, mafuta odzola botolo lalikulu, chitenje chimodzi. Usachite nacho manyazi chitenjecho. Chimakhala thaulo, chimakhala katani, ndipo tsiku limene udzafune kulira m'kachipinda kogona anthu angapo, udzadziphimba nacho kumutu. Madiresi atenge awiri okha, yunifolomu akakupatsa konko. Mankhwala a mutu akhale m'pepala lake la kusitolo, osati m'kansalu. Mapepala a ndalama aja wadzaza m'thumba la pambali asiye, pofika Lachitatu adzakhala osagula ngakhale machesi. Ukakwera sitimayo ukadye chimene akupatsa, usakanyansidwe, ndipo akakufunsa kwanu ukanene zonse: kuti ndiwe wa ku Honde, bambo ako anali Mndau, mayi ako ndi mwana wa munthu wa ku Thyolo. Usadule mbali ina monga ndinachitira ine.

Za mapepala ndikukuuza nditawerama. Pasipoti, chitupa, kalata ya ntchito ndi pepala la kwa dokotala usaike m'sutikesi. Ndakusokera kathumba kansalu kokhala ndi chingwe, uzikavala m'kati mwa malaya, pogona pomwe. Ukukumbukira mmene unavutikira kuti pasipotiyo ituluke? Maulendo angati ku Mutare, kuima pamzere tsiku lonse, akukufunsa kumene ine ndinabadwira, kumene agogo ako anabadwira, iwe wopanda pepala loti uonetse. Tsiku lina unabwera maso atatupa, unandifunsa za mapepala a agogo ako a m'bokosi lija, ine ndinati chiswe chinadya. Chiswe sichinadye, Enita. Ndinawotcha ndine. Zinali zaka zija anthu ankayenda m'makomboni kunena kuti ife mabulandaya, ana a anthu obwera ngati bambo anga, kuno si kwathu, tizipita kumene tinachokera, ndipo ine ndinagwidwa ndi mantha ndi manyazi pamodzi. Ndinatenga pasi yoyendera ya bambo anga, khadi lawo la ubatizo ndi makalata anayi ochokera ku Thyolo, n'kusonkhezera moto wophikira nyemba. Ndinkaganiza kuti ndikawotcha ndisanduka Mmanyika, mwini dera lino. Ndinasanduka kuti? Pamsika amandidziwabe ndikangotsegula pakamwa. Amene anavutika ndi iwe, ine ndikukuyang'ana ukukwera ndi kutsika makombi, timabasi tating'ono tija, zoona zake nditabisa.

Makalata anayiwo anali a mwana amene bambo anga anamusiya ku Thyolo ali ndi zaka zinayi, mchimwene wanga amene sindinamuonepo. Pochoka anamuuza kuti akukagula mchere. Iye atakula anawafufuza mpaka kupeza kumene ali, analemba kanayi, iwo sanayankhe ngakhale kamodzi, ankangotulutsa makalatawo n'kuwabwezera. Keyala ya mudziwo inapsa pamodzi ndi makalata, ndiye kaya ali moyo kaya anamwalira, sindidzadziwa. Ukuona tsopano kuti bodza ili m'banja mwathu ndi lakale.

Ine ndinalichita kwa iwe. Sitinakambiranepo, zaka zonsezi timangolizungulira ngati dzenje la pabwalo. Chaka cha chilala chija bambo ako atamwalira, tinatsala kwa tete ako, iwe uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi. M'nkhokwe munalibe kanthu, ndipo ndinamva kuti kuno ku Honde akulemba otchola tiyi, koma malo ogona anali a akazi anayi chipinda chimodzi, mwana analibe poti n'kumuika. Tete ako anavomera kukusunga, koma anati, "Mumuuze." Ine ndinati ndimuuza. Sindinakuuze. Mtolo wanga ndinakaubisa dzulo lake m'tchire pafupi ndi msewu. M'mawa ndinamanga duku kuzungulira chibwano, ndinaika kamwala m'tsaya kuti lioneke lotupa, taona nzeru za mayi ako, n'kukuuza kuti ndikupita kuchipatala cha mishoni kukazulitsa dzino, ndibwera dzuwa lisanalowe. Iwe unandisisita tsaya ndi kadzanja kako, unati, "Mukabwere nalo dzinolo ndidzalione." Ndinati chabwino. Kamwalako ndinakalavulira pamsewu.

Mumtima ndinkati ndikakhala miyezi itatu. Ndinakhala zaka ziwiri. Usandifunse kuti bwanji, zifukwa ndili nazo zambiri ndipo zonse n'zachabechabe: mtunda, basi, tchuthi chosapezeka. Zoona zake n'zakuti mwezi uliwonse ukadutsa kubwera kunkalimbirabe, chifukwa ndinkaopa nkhope yako. Ndinachoka ndi bodza, ndiye pobwerera ndinkasowa poyambira. Tsiku limene ndinafika, nditanyamula deresi ndi mabanzi, ndinakupeza ukusinja. Ndinatambasula manja. Iwe unaika munsi pansi, unagwada chapatali, unaomba m'manja monga amachitira kwa mlendo, n'kundilonjera m'Chindau, Chinyanja chonse chitachoka pakamwa pako. Utamaliza unafunsa mwaulemu, osamwetulira, "Dzino lija mwabwera nalo?" Ine wopusa ndinaseka, ndinayesa nthabwala. Palibe wina anaseka.

Tsiku lomwelo tete ako anandikhazika kuseri kwa khitchini. Anati sabata yoyamba unkakhala pamsewu kuyambira m'mawa, chakudya ankakupititsira komweko. Sabata yachiwiri unasowa, anakakupeza pageti la chipatala, mtunda wonse uja wayenda wekha wopanda nsapato, ukufunsa aliyense wovala zoyera ngati mayi wa dzino wamwalira. Tete ako atakuuza zoona kuti ndapita kuntchito, sunawakhulupirire, unati amayi sanganame, anamanga duku. "Muroora, mlamu wanga," anatero tete ako, "mukanamuuza akanalira sabata imodzi, ife tikanamutonthoza. Nanga wodikira timutonthoza bwanji?" Ndinakutenga n'kubwera nawe kuno, ndipo ndinkaganiza kuti nkhani yatha.

Sinathe. Unakula mwana womvera, kusukulu wanzeru, anthu ankandiyamikira. Koma kuyambira pamenepo sunandilolenso kukuluka tsitsi, unkapita kwa aneba. Ndikati ndikupita kumsika ndibwera posachedwa, unkangoti "ehe," n'kuyamba kudziphikira wekha, ngati munthu wodziwa kuti mwina sindibweranso. Ukadwala sunkandiuza. Ngakhale mimba ya Tari ndinaimva kwa amayi a pampopi, ine mayi ako wogona nawe nyumba imodzi. Ndinkadandaula kwa anzanga kuti Enita ndi wouma mtima, watengera kwa bambo ake. Ndinkawanamizira malemu aja. Bambo ako anali munthu woseka, amene anakuumitsa mtima ndine.

Ndiye ufunse kuti munthu wodziwa zonsezi, Lachiwiri lija analankhula bwanji za shuga? Ndadzifunsa m'munda, ndadzifunsa pampopi. Ndinkadziuza kuti ndikumumvera chisoni Tari. Ayi ndithu. Choyamba ndinkaopa phokoso: mwana kugubuduka pansi pasiteji, anthu a m'basi ali m'mawindo kuonerera, ine n'kutsala naye akundimenya ndi timanja take. Chachiwiri ndi chonyansa, ndipo ndakhala nthawi yaitali cholembera chili m'mwamba. Ndinkafuna kuti nawenso uchite zimene ndinachita ine. Ndinkati ukamuthawa mwana wako udzadziwa kuti munthu amachita zimenezi asali mfiti, ndipo mwina udzasiya kundiyang'ana ndi maso aja. Ndinafuna kuti mdzukulu wanga avutike kuti iwe undikhululukire. Ndalemba, ndipo sindifufuta. Pepa, mwana wanga. Pepa za dzino, pepa za mapepala, pepa za shugayu.

Sindikunena kuti usapite. Pita. Bambo ake a Tari chipitireni ku Joni kuli zii, malipiro a kumunda pofika kusitolo amakhala atasungunuka, mwanayu chaka cha mawa akufunika sukulu. Palibe angakudzudzule, ndipo amene ayerekeze kutsegula pakamwa mukomboni muno akumana ndi ine. Tari ndimusamala, adya ine ndisanadye, usakakhale ndi nkhawa imeneyo. Koma chimene sindingamuchitire ndi kumuuza m'malo mwako.

Umuuze lero, kukuwala, utamukhazika pamiyendo. Umuuze kuti ukupita kukagwira ntchito m'sitima yaikulu kuposa fakitale, kuti ndi kutali, kuti ukagona konko masiku ambiri. Miyezi sakuidziwa, ndiye umuuze kuti kuzizira kubwera n'kupita, kutentha kubwera, ndipo mvula ikadzagwa tiyi n'kuphuka, ndi pamene ayambe kuyang'ana kumsewu. Tsiku lenileni usalonjeze, sitimayo si yako. Akakakuwonjezera miyezi, ulembe kalata yakeyake, yokhala ndi dzina lake paenvulopu, umuuze wekha, ine ndidzangomuwerengera. Usadzachite manyazi kulemba chifukwa choti wachedwa, manyazi amenewo ndi amene anandisunga ine zaka ziwiri. Kachithunzi ka pasipoti katsala kamodzi kaja umupatse m'manja. Ndipo mawa apite nafe ku Hauna, aone basi, akuone ukukwera, aone kumene yalowera. Alira, inde. Mwina akuluma, mwina akana kukutsanzika. Iwe usathawe, uime pomwepo mpaka kondakitala akukalipire. Usamuuze za shuga, Enita, ndakugwira mwendo.

Ndikudziwa zimene uti unene ukafika apa. Uti, "Amai, mwachedwa, tamuuza kale, timusokoneza mwana." Nanenso ndinkaganiza choncho. Ndikanapanda kutsegula sutikesi m'mawa uno, mwina ndikanakhala chete mpaka basi itanyamuka, poti wandiona kuti ndine wamantha. Pali chimodzi chimene ndakhala ndikuchizemba kuyambira pamwamba pa kalatayi.

Nditachotsa zochotsa zija, ndinapisa dzanja pansi penipeni kuti ndiyale bwino zotsala. Pansi pa mathalauza ako ndinapeza deresi lachikasu la Tari la kutchalitchi, lopindidwa mokhotakhota, timapanti tiwiri, mswachi, ndi kapu yake yobiriwira yothyoka chogwirira. Ndili chigwadire choncho chitseko chinatseguka. Tari anaima pakhomo, anaona deresi lili m'manja mwanga, ndipo sanachite mantha ngakhale pang'ono.

"Gogo, bwezerani," anatero, kenako n'kutchula iwe. "Mhamha aiwala kuika zanga, ndiye ndaika ndekha."

Ndinati, "Ukupita kuti iwe?"

"Kusitima. Ndinamva mukukamba. Koma musawauze kuti aiwala, achita manyazi."

Ndabwezera, Enita, mmene anapindira mwini wake. Zina zonse ndachotsa ndi manja anga, koma izi sindichotsa, ndipo iwenso usazichotse mobisa iye atagona. Ukangomaliza kuwerenga ukamuitane kwa aneba, mutsegule sutikesiyo nonse awiri, uzitulutse chimodzichimodzi iye akuona, umuuze chifukwa chake sizikupita. Ine ndikhala pakhomo pompo, sindichoka. Usachedwe. Tari wandipempha kuti ndimusambitsiretu lero, akuti kuti mawa asakuchedwetse.

Ndine mayi ako,
Agnesi